Cockney inasamukira ku Essex, Hackney n'kubala kalankhulidwe kena

Kale Cockney weniweni anali munthu wobadwira kumene belu la tchalitchi cha St Mary-le-Bow limamveka, kum'mawa kwa London, kwa anthu a pamadoko ndi m'misika. Ameneyu akangotsegula pakamwa ankadziwikiratu. "House" ankati "ouse", h atameza, "think" n'kumati "fink". Owerenga nkhani pa BBC ndi mabwana a m'maofesi anali ndi katchulidwe kawo, kaja amati Received Pronunciation, moti mwana wa pamadoko akapita kukafunsira ntchito lilime linkamuulula asanatulutse n'komwe mapepala.

Nkhondo yachiwiri itatha, mabomba anali atasandutsa mbali zambiri za derali bwinja. Boma linamanga matauni atsopano ngati Harlow ndi Basildon ku Essex, dera loyandikana ndi London, mabanja ambiri n'kusamukira kumeneko ndi kalankhulidwe kawo ka Cockney komwe. M'madera amene anasiya munalowa ena. Sitima ya Empire Windrush inakocheza pa Tilbury mu 1948 itanyamula anthu a ku Caribbean, ndipo pambuyo pake kunafika a ku Bangladesh, Nigeria, Ghana, Turkey ndi Somalia.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ana a mabanjawa anakumana m'kalasi imodzi, kunyumba aliyense akulankhula chakwawo, ndipo Chingerezi ankatengerana okhaokha posewera. Pakati pa 2004 ndi 2007, akatswiri a zilankhulo Jenny Cheshire, Paul Kerswill ndi anzawo anajambula mawu a achinyamata ndi okalamba ku Hackney ndi Havering, madera a kum'mawa kwa London. Anapeza kuti mnyamata wa ku Hackney amatchula bwinobwino h uja agogo a m'deralo ankameza, ndipo "face" amati pafupifupi "fes", pamene Cockney ankati "fais". Koma "fink" uja sanamutaye. Mwana wachizungu amene anzake ndi a mitundu yosiyanasiyana amalankhulanso chimodzimodzi. Kalankhulidweka anakatcha Multicultural London English.

Nyuzipepala zina zinkati "Jafaican", kutanthauza Chijamaika chabodza, ndipo dzina limeneli limandiwawa. Mu 2011, zipolowe zitabuka ku London, katswiri wa mbiri yakale David Starkey anafika poloza chala kalankhulidwe ka achinyamatawa pa BBC, kuti n'kobwera kuchokera ku Jamaica. Chonsecho ana amenewa sakutsanzira munthu. Ambiri anabadwira m'zipatala za momwemo, ndipo akamati "man" podzitchula okha, ndi Chingerezi chimene akulira nacho m'misewu ya Hackney.