Galu woyezedwa ndi tepi

Mu Januwale 2024, kutatsala masabata awiri kuti chiletso cha agalu otchedwa XL Bully chikhwime kuno ku England, mayi wina wochokera kwathu ku Malawi adalowa m'chipinda chomwe ndimaonera ziweto, galu wofiirira ali patsogolo, iwo ali pambuyo ndi chingwe. Mutu wa galuyo unali ngati mtondo. Mnyamata wawo ndiye adabwera naye pakhomo ali kamwana, atamugula kwa mnzake popanda pepala lililonse lonena za make kapena atate ake. Mayiwo atakhala pampando adandiyang'ana n'kunena kuti, "Adokotala, musandibisire. Ameneyu ali m'gulu la aja akuti aziphedwa?"

Kuti ndiwayankhe, sipadafunike kutenga magazi kapena kufunsa ngati galuyo adalumapo munthu. Ndidatenga tepi n'kumuyeza kuchokera pansi kufika pamwamba pa mapewa. Adakwana masentimita 54. Malangizo a boma amati galu wamphongo wofika masentimita 51, kapena wamkazi wofika 48, yemwenso mutu, chifuwa ndi miyendo yake zikufanana kwambiri ndi zomwe adalemba, ameneyo ndi XL Bully, kaya makolo ake anali ati. Nthawi yonseyo iye ankangondinyambita dzanja. Akadakhala wamfupi ndi zala ziwiri zokha, chiletsocho sichikadamukhudza ngakhale akadakhala wolusa chotani.

Mkangano wa eni agalu ndi boma wagona pamenepa, ndipo si walero. Mu 1991, agalu atavulaza anthu angapo motsatizana, kuphatikizapo mtsikana wa zaka 6 wa ku Bradford, nduna ya za m'dziko Kenneth Baker idathamangitsa ku Nyumba ya Malamulo lamulo lotchedwa Dangerous Dogs Act. Lidaletsa mitundu inayi: Pit Bull Terrier, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro. Koma lamuloli silifunsa magazi, limafunsa maonekedwe. Wapolisi wophunzitsidwa ntchitoyi amayang'ana galu, kumuyeza, n'kumufanizira ndi ndondomeko yomwe oweta pit bull a ku America adalemba m'zaka za m'ma 1970. Akanena kuti akufanana, mwini ndiye ayenera kutsimikizira khoti kuti sizili choncho. Ana awiri a galu mmodzi, obadwa usiku umodzi, wina akhoza kugwidwa wina n'kutsala pakhomo.

M'zaka zoyamba woweruza analibenso mpata wochitira chifundo. Galu wina wamkazi dzina lake Dempsey adalamulidwa kuti aphedwe mu 1992 chifukwa yemwe ankayenda naye adamuvula chotsekera pakamwa kuti asanze bwino. Sadalume munthu aliyense. Adakhala zaka zitatu m'khola la apolisi asanamasulidwe, ndipo mu 1997 lamulo lidasinthidwa kuti khoti lizitha kulola galu wosaopsa kukhala ndi moyo pa mfundo zokhwima.

Mfundo zomwezo ndi zomwe zidagwera XL Bully, nduna yaikulu ya nthawiyo Rishi Sunak atalengeza chiletso mu Seputembala 2023. Kuyambira pa 31 Disembala chaka chomwecho, ku England ndi Wales udakhala mlandu kubereketsa, kugulitsa, kupatsa munthu wina kapena kutaya galu wotere, ndipo akatuluka pabwalo ayenera kukhala pachingwe, pakamwa potseka. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2024 udakhala mlandu kumusunga popanda chiphaso cha boma, cha mapaundi 92.40, chomwe chinkafunanso inshulansi, microchip (kachipangizo kozindikiritsa galu koikidwa pansi pa khungu) ndi kuti galuyo afulidwe kapena achotsedwe chiberekero. Wosankha kuti galu wake abayidwe jakisoni womaliza ankabwezeredwa mapaundi 200. Agalu oposa 50,000 adalembetsedwa, kuposa kutali momwe boma linkayembekezera. Eni agalu adasonkha ndalama, adapita ku khoti lalikulu kudzera m'gulu lotchedwa Don't Ban Me Licence Me, koma chiletso chidakhalabe.

Mbali yomwe imatipweteka ife ogwira ntchitoyi ndi ija yoti galu wotere sapatsidwa kwa munthu wina. Mwini akathamangitsidwa m'nyumba ya lendi, kapena galu akapezeka akuyenda yekha mumsewu, malo osungira agalu osowa pokhala saloledwa kumufunira banja latsopano, ngakhale ali wofatsa ngati nkhosa. Amabwera kwa ife. Ndabayapo jakisoni ameneyo kwa galu wathanzi, akugwedeza mchira, ndipo ntchito imeneyo sizoloweleka.

Funso loyenera kufunsa ndi lakuti kodi anthu akulumidwa mocheperapo? Kukadakhala choncho, ndikadameza ululu wangawo n'kukhala chete, chifukwa moyo wa mwana suyerekezedwa ndi wa galu. Koma bungwe loteteza nyama la RSPCA, mu lipoti lake la 2016, lidaonetsa kuti ogonekedwa m'zipatala za ku England chifukwa cha agalu adachuluka ndi 76 peresenti pakati pa 2005 ndi 2015, lamulo lili pomwepo. Dziko la Netherlands lidaletsa pit bull mu 1993 n'kuchotsa chiletsocho mu 2008 litaona kuti kulumidwa sikudatsike. Italy idalemba mndandanda wa mitundu 92 mu 2003, idauchepetsa kufika pa 17, kenako mu 2009 idautaya wonse n'kuloza udindo kwa mwini. Mzinda wa Denver ku America udasunga chiletso kuyambira 1989 mpaka anthu ake atavota mu 2020 kuti m'malo mwake pakhale chilolezo chapadera. N'chifukwa chake mabungwe monga Dogs Trust, Battersea, Blue Cross, Kennel Club ndi bungwe la madokotala a ziweto la British Veterinary Association akhala akutsutsa lamulo losankha mtundu. Amenewa si anthu osadziwa mano a galu.

Kafukufuku yemwe ndimafuna kholo lililonse litamumva adasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya madokotala a ziweto a ku America. Adaunika imfa 256 zochitika chifukwa cha agalu m'dzikolo pakati pa 2000 ndi 2009. Pa imfa 87 mwa 100 zilizonse panalibe munthu wamkulu wamphamvu pafupi woti n'kuleretsa. Pa 85 mwa 100, wolumidwayo sanali munthu wozolowerana ndi galuyo. Pa 76 mwa 100, galuyo ankasungidwa kwayekha, kutali ndi anthu, monga aja omangidwa pa tcheni kuseri kwa nyumba omwe amaona munthu pa nthawi ya chakudya basi. Ndipo mtundu wa galu udatsimikizika bwino pa imfa zosakwana 18 mwa 100. Taonani kuti zonse zikuluzikuluzo ndi zochita za anthu: kusiya mwana yekha ndi galu, kumanga galu usana ndi usiku, kusalabadira pamene wayamba kale kuopseza anthu. Mu 2022 magazini ya Science idatulutsanso kafukufuku wa agalu oposa 18,000, yemwe adapeza kuti mtundu umafotokoza pafupifupi 9 peresenti yokha ya kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu mnzake.

Komabe pali pomwe ndimasiyana ndi anzanga okonda agalu. Amakonda kunena kuti kulibe galu woipa, woipa ndi mwini. Mawuwa ndi theka la choonadi. Kagalu ka makilogalamu 5 kakapsa mtima kamasiya bala lomangidwa ndi bandeji, pamene galu wa makilogalamu 50 akapsa mtima amasiya maliro. Mnyamata wa zaka 10 yemwe adaphedwa ndi XL Bully ku Caerphilly, ku Wales, mu Novembala 2021 adasiya mayi ake akulira, ndipo kuuza mayi wotero za maperesenti n'kusowa umunthu. Khalidwe limatengerakonso ku makolo. Pa nthawi ya Covid mitengo ya ana agalu idakwera kwambiri, ndipo anthu ofuna ndalama zachangu ankakweretsa agalu apachibale posaka mutu waukulu ndi chifuwa chotakata, osafunsa n'komwe za mtima wa make. Amene akutsutsa chiletso akamabisa zimenezi amadziwonongera okha mlandu.

Vuto ndi lakuti chiletso sichimugwira wobereketsa ameneyo. Chimangoti ikaola imodzi zaola zonse, n'kulanga mayi uja ndi galu wake wonyambita manja. Wofuna galu woopsezera anthu salembetsa ku boma, salipira inshulansi, ndipo mtundu umodzi ukaletsedwa amasakaniza wina. Pit bull adaletsedwa mu 1991, ndipo patapita zaka zoposa makumi awiri XL Bully, wamkulu kuposa iye, adalowa m'dziko mwalamulo. Mzinda wa Calgary ku Canada udatenga njira ina yomwe ambiri amaitchula: galu aliyense akhale ndi laisensi, ndalama zake zilipire oyang'anira ndi kuphunzitsa ana m'sukulu, ndipo mwini alipitsidwe pamene galu wangoyamba kuthamangitsa anthu, asanalume. Abale athu okhala ku South Africa akukumbukira pempho la Sizwe Kupelo Foundation mu 2022 loti pit bull aletsedwe, ana ataphedwa motsatizana. Funso lomwe dzikolo lidakumana nalo ndi lomweli.

Nkhani yokakamiza kufula imadabwitsa anthu ambiri akamva kuti nanenso ndimaitsutsa, poti opaleshoniyi ndimaichita pafupifupi tsiku lililonse ndipo ndimailimbikitsa. Galu wamkazi wosachotsedwa chiberekero ali pa chiopsezo cha matenda odzaza mafinya m'chiberekero, omwe amapha msanga. Ku Sweden adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse amadwala matendawa asanafike zaka khumi. Wamphongo wofulidwa sathawathawa pakhomo kukasaka akazi. Ana agalu osafunika amachepa. Zonsezi n'zoona.

Koma kulangiza ndi kukakamiza n'zosiyana. Mzinda wa Los Angeles udakhazikitsa lamulo mu 2008 loti agalu ndi amphaka ambiri achitidwe opaleshoniyi akangokwana miyezi inayi. Msinkhu umenewo ukhoza kukhala wabwino kwa kagalu kakang'ono, koma osati kwa galu aliyense. Timadzi ta m'thupi tochokera ku ziwalo zoberekera ndi tomwe timauza mafupa aatali kuti nthawi yosiya kukula yakwana. Ukatichotsa msanga, mafupa amapitirira pang'ono, ndipo molumikizira mwake simukhala bwino. Ofufuza a pa yunivesite ya California ku Davis, ataunika agalu 759 a mtundu wa Golden Retriever mu 2013, adapeza kuti amphongo ofulidwa asanakwane chaka ankadwala vuto la mfundo ya m'chiuno kawiri kuposa osafulidwa, ndipo kuduka kwa mtsempha wa m'bondo kunali kochulukanso. Mu 2020 adaunika mitundu 35 n'kupeza kuti vutoli limakhudza kwambiri agalu akuluakulu, pamene ang'onoang'ono ambiri sakhudzidwa. Ngakhale boma la kuno lidavomereza mfundoyi mwa njira ina: lidawonjezera nthawi yofulira ana a XL Bully aang'ono kwambiri mpaka pa 30 Juni 2025. Ku Norway, lamulo lawo limaloza kwina kwenikweni, silifuna kuti galu achitidwe opaleshoniyi popanda chifukwa chomveka.

Chifukwa chachiwiri n'cha m'thumba. Anthu ambiri omwe agalu awo sadafulidwe si okana, ndi osowa ndalama kapena okhala kutali ndi chipatala cha ziweto. Ukawaopseza ndi chindapusa, ena amakatula galu kumalo osungira, komwe akhoza kuphedwa, ena amamubisa. Galu wobisidwa safika kwa dokotala, ndiye kuti salandiranso katemera wa chiwewe. Mabungwe a ku America, la madokotala a ziweto la American Veterinary Medical Association ndi loteteza nyama la ASPCA, omwe onse amalimbikitsa kufula, amatsutsa kukakamiza pa zifukwa zangati zimenezi. Amene adaonako ntchito ya Mission Rabies mu Blantyre kuyambira 2015 akudziwa chomwe ndikunena: kuti chiwewe chithe m'dera pamafunika kubaya agalu 70 mwa 100, ndipo nambala imeneyo imakwana chifukwa ana amabwera okha ndi agalu awo pa zingwe, mosaopa kuti wina awalanda. Kumene opaleshoni yatsika mtengo kapena yafika pafupi, mzere umatalika popanda wapolisi.

Mayi aja adalembetsa galu wawo kutatsala masiku ochepa kuti nthawi ithe. Ndidamufula mu Epulo, ali ndi chaka ndi miyezi isanu, mafupa atakhwima. Chovuta chidali chotsekera pakamwa, poti tsiku loyamba adachikanda mpaka kudzitema pamphuno. Ndidawauza kuti agule chokhala ngati kadengu, chomwe galu amatha kupuma ndi kumwa madzi atavala, azipaka chiponde chopanda zotsekemera m'kati mwake, galuyo azilowetsa yekha mphuno, mphindi imodzi lero, ziwiri mawa. Ndidawauzanso, ndipo adandimvera, kuti zidzukulu zawo zikabwera, galu ndi mwana asatsale awiri m'chipinda ngakhale kwa kanthawi kokatenga madzi kukhitchini. Pa ulendo wawo wa katemera chaka chathachi, galuyo adalowa atavala kadengu kake, n'kukhala pansi pafupi ndi sikelo kudikira kuti ndimuitane.