Fupa lalumikizana koma dzanja likuwotchabe? Musalibise, bwererani kuchipatala

Ena akathyoka dzanja kapena mwendo, kaya pangozi ya kabaza kaya pogwa, chikhakha chimachotsedwa fupa litalumikizana bwino, koma ululu osatha. Dzanja limawotcha ngati alithira tsabola, limatupa, khungu limasintha mtundu, pena latentha pena lazizira. Malaya akangolikhudza, munthu amakuwa. Matendawa amatchedwa CRPS (pachingerezi Complex Regional Pain Syndrome), ndipo amagwira kwambiri amayi kuposa abambo. Dokotala Silas Weir Mitchell anawafotokoza mu 1864 ataona asilikali owomberedwa pankhondo yapachiweniweni ku America. Vuto limakhala m'mitsempha yotumiza uthenga wa ululu, yomwe imapitiriza kuutumiza bala litapola kale.

Si kulodzedwa. Mphini zimangowonjezera mabala pakhungu lodwala kale.

Chotidetsa nkhawa kwambiri n'kudikira. Munthu amakolekera dzanja m'chitenje miyezi, osaligwedeza, n'kumati lipola lokha. Apo m'pamene zala zimauma, minofu n'kufota, mpaka alephera kugwira ntchito ngakhale kumanga batani. Dzanja losagwedezedwa ndilo limaipiraipira.

Thandizo lalikulu ndi mafizo, pamodzi ndi mankhwala monga prednisolone, amitriptyline kapena gabapentin olembedwa ndi dokotala. Ululu ukatsekereza mafizo, pali jakisoni wochititsa dzanzi mitsempha: wa dzanja amabayidwa pakhosi, pamalo otchedwa stellate ganglion, wa mwendo pafupi ndi msana cham'chiuno. Wapakhosi akabayidwa, chikope chimodzi chimagwa ndipo mawu amasasa kwa maola ochepa, musaope. Koma timvetsetsane: jakisoniyu sachiza, ndipo sathandiza aliyense. Amangopereka mpata woti muyambe kugwedeza zala. Mukabayitsa n'kubwezeranso dzanja m'chitenje, mwangovutika chabe. Ndipo pakhosi pali mitsempha ikuluikulu ya magazi, choncho wobaya akhale katswiri wa kuchipatala, osati aliyense wokhala ndi jakisoni. Palinso kachipangizo kamagetsi koikidwa pamsana kuti kachepetse ululu, koma n'kodula kwambiri, ndipo kamaganiziridwa zina zonse zikakanika.

Chikhakha chikamakufinyani, zala zikatupa kapena kuchita dzanzi, bwererani tsiku lomwelo, musadikire deti. Chikachoka koma ululu n'kumakula m'malo mochepa, onanani ndi a zamafupa pachipatala cha boma, funsani za mafizo, ndipo ngati sizikusintha pemphani kalata yopitira kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central. Pitani sabata ino, zala zisanaume.