Gamma Knife pa matenda a ubongo opanda chotupa: mafunso amene mukutifunsa

Gamma Knife ndi makina ochizira matenda a mu ubongo pogwiritsa ntchito cheza. Masiku ano tikulandira mabanja ambiri obwera ndi m'bale wodwala maganizo kudzafuna chithandizochi, ndipo ena akubwerera atakhumudwa. Tikuyankha zimene zikufunsidwa kwambiri.

Kodi mumang'amba mutu?

Ayi. Cheza cha cobalt-60 (chitsulo chotulutsa cheza champhamvu) chochokera mbali 192 chimakumana pa kadontho kamodzi mkati mwa ubongo n'kupha minyewa ya pamenepo.

Kodi njirayi mukungoyesera?

Si yalero. Lars Leksell wa ku Sweden anaiyambitsa mu 1951, ndipo Gamma Knife yoyamba inayamba ntchito ku Stockholm mu 1968. Anaipangira matenda ngati omwewa.

Mumalandira ndani?

Makamaka a trigeminal neuralgia, ululu wa pankhope wobaya ngati magetsi ngakhale potsuka mano, komanso onjenjemera manja mpaka kulephera kusaina, ngati mankhwala akanika.

M'bale wathu ali ndi OCD. Mwamukaniranji?

Pamenepa ndi pamene pali madandaulo ambiri. Kukhala ndi OCD (matenda a maganizo okakamiza munthu kubwereza chinthu chimodzimodzi) pakokha sikokwanira. Timayang'ana munthu amene wavutika zaka zambiri, mwina amasamba m'manja mpaka khungu kusupuka, ndipo wayesa mankhwala angapo pa mlingo wokwanira, kuphatikiza chithandizo cha CBT (uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe ndi zochita). Kumwa mapiritsi milungu iwiri n'kusiya sitikuwerenga ngati kuyesa. Akakwanitsa zonsezi, madokotala a maganizo ndi a ubongo amakhala pansi limodzi, ndipo angathebe kukana. Wodwala avomere yekha, osati achibale m'malo mwake. Ena akuti tikuumitsa zinthu. Mwina. Koma bala limene chezachi chimasiya pa internal capsule (njira ya minyewa mkati mwa ubongo) silifufutika, pomwe kachipangizo ka DBS (njira ina yoika timawaya ta magetsi mu ubongo) kamatha kuzimitsidwa.

Si lobotomy yomwe ija?

Ayi, ngakhale tikuvomera kuti mbiri ya njirayi imakumana ndi ya Egas Moniz, dokotala amene anayambitsa lobotomy (opaleshoni yodula minyewa ya kutsogolo kwa ubongo wa odwala maganizo) n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1949. Kale ankadula mongoganizira. Lero malo ake timawayeza pa MRI (makina ojambula mkati mwa thupi), mamilimita ochepa okha.

Ndichira liti, nanga zoopsa zilipo?

Si tsiku lomwelo. Ululu wa pankhope umatenga milungu, kunjenjemera ndi OCD miyezi, ndipo ena sasintha n'komwe. Nkhope itha kuchita dzanzi. Ubongo utha kutupa patapita miyezi, n'chifukwa chake timakuitananso ku MRI ngakhale mukumva bwino.