Ndege za NATO zikauluka mu Okutobala, sikuti nkhondo ya nyukiliya yayamba

Okutobala akangofika, pa WhatsApp pamayamba kuzungulira mavidiyo a ndege zankhondo, pansi pake atalemba kuti NATO (mgwirizano wa zachitetezo wa mayiko a ku Ulaya, America ndi Canada) yanyamuka kukaphulitsa Russia ndi mabomba a nyukiliya. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza. Zimene zimachitika mwezi umenewu ndi zoyeserera za chaka ndi chaka zotchedwa Steadfast Noon, ndipo NATO imalengeza yokha zisanayambe. Ndege zimaulukadi, koma sizinyamula bomba lenileni la nyukiliya.

NATO payokha ilibe bomba lotere ngakhale limodzi. Mwa mayiko 32 a mgwirizanowu, amene ali nawo ndi America, Britain ndi France basi. Mabomba a nyukiliya otchedwa B61 amene amasungidwa ku Germany, Italy ndi Belgium ndi a America, ndipo palibe angawagwiritse ntchito pulezidenti wa America asanavomereze. France ndiye salowa n'komwe m'komiti ya NATO yokonza za nyukiliya.

Nanga amayesereranji? Ndi kuopseza chabe, kuti mdani adziwe kuti akayamba dala nayenso sapulumuka. Russia nayo imachita zoyeserera zake za nyukiliya chaka chilichonse.

Ubale wa mbali ziwirizi ndi woipadi chiyambireni pamene Russia idalowa mu Ukraine mu 2022, apo sitingatsutse. Komabe ngakhale msonkhano waukulu wa NATO ku The Hague, m'dziko la Netherlands, mu Juni 2025 sudalengeze nkhondo ayi. Chachikulu chimene adagwirizana n'chakuti pofika 2035 mayiko awo azigwiritsa ntchito 5 peresenti ya chuma chawo pa chitetezo.