Kusintha dzina lokha sikubisa munthu

Ambiri ochita kafukufuku wa ma intavyu amaganiza kuti akangosintha dzina la munthu amene anamufunsa mafunso basi munthu uja wabisika, ayi ndithu. Mukalemba kuti ndi namwino wamasiye wa zaka 52 pachipatala cha m'mudzi wakutiwakuti, aliyense kumeneko amudziwa, ndiye ngati anadandaula za abwana ake ntchito ikhoza kumuthera chifukwa cha lipoti lanulo. Chotsani zaka zenizeni, dera, chilichonse chomuloza. Komanso kusayina fomu yovomereza sikuti wakupatsani zonse, ali ndi ufulu wosiyira panjira. Akatswiri a kafukufuku Lincoln ndi Guba mu 1985 analimbikitsa kubwerera kwa munthuyo akaone ngati munamumva bwino, pomwepo mufunseninso ngati muli mawu oti angamuike m'mavuto, muwachotse.