Podula nkhani, mpeni udutse pamene ganizo lathera

Abusa akanena kuti titsegule Yohane mutu 3 ndime 16, mpingo wonse umapeza malowo mphindi isanathe. Ambiri timayesa kuti manambalawa anabwera limodzi ndi mawuwo, koma sizinali choncho. Zolembedwa zakale za Chigiriki zinkakhala zilembo zokhazokha zothithikana, popanda ngakhale mpata pakati pa liwu ndi linzake. Mitu imene tikuidziwa lero anaikonza Stephen Langton kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200. Iyeyu ankaphunzitsa ku Paris asanakhale bishopu wamkulu wa ku Canterbury. Ndime za Chipangano Chatsopano zinadikira mpaka 1551, pamene wosindikiza mabuku Robert Estienne anaziika manambala ku Geneva. Buku Lopatulika potuluka mu 1922 linangolandira magawowa ali okonzeka kale.

Pa ntchito yanga yokonza zolembedwa za anthu ena, nkhaniyi ndimaikumbukira kawirikawiri, chifukwa ikuonetsa phindu la kugawa pamodzi ndi ngozi yake. Phindu lake nlosachita kufunsa: mitu 1,189 ya m'Baibulo simungaiyende popanda zikwangwani. Ngozi ndiyo imabisika.

Tsegulani Genesis. Mutu woyamba ukutha ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo tsiku lachisanu ndi chiwiri, limene nkhani yonse imalowera, lagwera tsidya lina, m'ndime zitatu zoyambirira za mutu 2. Wowerenga mutu umodzi patsiku amatseka buku sabata isanakwane. Ku 1 Akorinto nakonso, mawu otsegulira nkhani ya chikondi ya m'mutu 13 anatsalira kumapeto kwa mutu 12. Mawu onse alipo, palibe limene linatayika, koma mpeni unadutsa pakati pa ganizo.

Zoterezi ndimazipeza m'malipoti, m'maminitsi a misonkhano, ngakhale m'timapepala ta alimi. Tsiku lina anandibweretsera kapepala ka mankhwala osungira chimanga kuti ndikakonze. Muyezo wothira pa thumba unali pansi pa kamutu kake, pamene chenjezo loti munthu aphimbe mphuno ndi pakamwa pothira linali kuseri kwa pepala, pansi pa kamutu koti "Zina zofunika". Wolembayo ankafuna kuti magawo afanane kutalika, pepala lioneke bwino. Zinandipweteka mtima, chifukwa mlimi amene wapeza muyezo satembenuzanso pepala. Amapita kukathira.

Choncho ndikamagawa, sindiwerenga mizere. Ndimadzifunsa kuti munthu atangowerenga gawo ili lokha, mwina pa foni, ali pa mzere kuchigayo, kodi achoka ndi chinthu chathunthu? Kenako ndimayesa kulipatsa dzina. Likakana kulowa m'kamutu kamodzi komveka, ndiye kuti muli nkhani ziwiri, ndidulenso. Koma likafuna kamutu kopanda kanthu ngati "Zina ndi zina", ndimadziwa kuti ndasesera pamodzi zinthu zimene kwawo kuli kwina, ndipo chilichonse ndimachibwezera kwa eni ake.

Za kutalika musade nazo nkhawa. Salimo 117 lili ndi ndime 2 zokha, Salimo 119 lili ndi 176, ndipo lililonse latha pamene mwini wake anamalizira kunena. Kapepala ka chimanga kaja tinakasindikiza chenjezo lili pamwamba pa muyezo, m'gawo limodzi, ngakhale gawolo linatalika kuposa anzake onse.