Mazira akuda a ku China saviikidwa mumkodzo wa hatchi

Uthenga uwu subwerera kamodzi m'magulu a WhatsApp: chithunzi cha dzira lakuda bii, pansi pake alemba kuti ku China amaviika mazira mumkodzo wa hatchi n'kuwakwirira zaka 100. Zimenezi n'zabodza.

Dziralo amalitcha pidan, ndipo kawirikawiri limakhala la bakha. Amasakaniza laimu (ufa woyera uja, osati chipatso), phulusa, mchere ndi madzi a tiyi kukhala phala, amamata dzira lonse, n'kuligudubuza m'mankhusu a mpunga kuti lisamatirire linzake. Limakhala milungu ingapo kapena miyezi yowerengeka basi. Laimu ndi phulusa zimalowa pang'onopang'ono kudzera m'timabowo ta chigoba, choyera cha dzira chimalimba n'kusanduka chofiirira chowala, chikasu chija n'kukhala chobiriwira, chofewa. Fungo lokhala ngati la mkodzo, lomwe mwina ndilo linayambitsa mphekeserayi, ndi la amoniya, mpweya wonunkha wotuluka m'dzira momwemo. Mkodzo weniweni ulibe mphamvu yolimbitsa dzira chotere.

Choyenera kuopa ndi china. Kale opanga ena ankathiramo mtovu kuti ntchito ifulumire, ndipo mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Choncho mukagula m'sitolo, werengani paketi ngati yalembedwa kuti mulibe mtovu, onani tsiku lothera ntchito, ndipo dzira la chigoba chosweka kapena lamadzimadzi mkati litayeni.

Uthengawo ukakufikani, ikani chithunzicho pa Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti, muone kumene chinachokera, mufunsenso amene watumiza kuti anazimva kuti. Ngati alibe yankho, chonde musautumizenso kwa ena.